Wokweza mawu ndiye wodzidalira? Za kulimba mtima pa ntchito ndi pa utsogoleri

Nachisale:
Mwaswera bwanji nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumakhala pa mapanelo a intaviyu komanso amene mumayang'anira anthu. M'maofesi ambiri muno mu Lilongwe, ku City Centre ngakhale ku Kanengo, fomu yopatsira mamakisi imakhala ndi mzere wa kudzidalira, mamakisi 10 kapena 15 pa 100. Koma palibe amene amauza panelo kuti chinthu chimenechi chimaoneka bwanji. Mapeto ake amene walowa akugunditsa nsapato, Chizungu chikutulukira m'mphuno, amatenga 9. Mnzake amene ntchito akuidziwa koma akuyankha atazolika amatenga 4. Pakatha miyezi 6 wa 9 uja ntchito yamukanika. Ndiye kudzidalira kwenikweni n'kutani, tingakuyeze bwanji, ndipo munthu wamanyazi angakuphunzire?

A Kamanga:
Mayi Nachisale, vuto layambira pa mawu omwewo. Tikati kudzidalira timaponya zinthu ziwiri m'dengu limodzi. China ndi chibadwa: alipo anthu olongolola, osaopa gulu, amene ngakhale pa ukwati wa eni ake amapezeka atagwira maikolofoni. China ndi chikhulupiriro chakuti ntchito iyi, iyiyi ili patsogolo pangayi, ndiitha. Chachiwirichi ndicho chili ndi phindu, ndipo sichikuta munthu yense ngati khungu ayi, chimakhala pa ntchito imodziimodzi. Wa akaunti akhoza kuyanjanitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki ali m'tulo, koma mukamuimika pamaso pa bodi kuti afotokoze manambala omwewo, mawondo amawombana.

Albert Bandura, katswiri wa za maganizo wa ku Stanford University, analemba za zimenezi mu 1977 ndipo anati chikhulupirirochi chili ndi magwero 4. Lamphamvu kuposa onse ndi kuchita chinthucho n'kuchitha, kenaka n'kubwereza. Lotsatira ndi kuona munthu wofanana nawe akuchita, osati mlendo wochokera ku London koma mnzako amene munakwera naye minibasi ya ku Area 25 m'mawa. Lachitatu ndi mawu olimbikitsa ochokera kwa munthu amene umamukhulupirira. Lomaliza ndi m'mene umamvera thupi lako: mtima ukamagunda, m'manja muli thukuta, wina amati "ndalephera kale", wina amati "thupi likukonzeka".

Tsono taonani kumene ndalama za maphunziro zimapita. Semina ya tsiku limodzi ku hotela, anthu n'kuimirira n'kumakuwa kuti "ndine mtsogoleri", ikungokhudza gwero lachitatu, lomwe silichedwa kuphwa. Lolemba likafika munthu ali pomwe anali.

Che Jafali:
Koma alawansi ndi nkhomaliro zimakhala zitalowa akulu. Semina musainyoze.

Thokozani:
Che Jafali mwayamba. Tibwerere ku fomu ija. Mzere umenewo, m'mene uliri, ukuyeza Chizungu ndi suti. Kuti uwongoke, siyani kuyeza maonekedwe, yezani zochita. Mafunso akhale omwewo kwa onse, motsatana chimodzimodzi, ndipo panelo igwirizane pasadakhale kuti yankho la makisi 1, la 3 ndi la 5 limamveka bwanji. Wofunsidwa akangotuluka, aliyense alembe mamakisi ake payekha musanatsegule pakamwa. Mukayamba ndi kukambirana, wapampando akangoti "ameneyu wandigwira mtima", zolembera zonse zimalowera komweko.

Pali mafunso awiri amene amapeta bwino. Loyamba: "Tatiuzani nthawi imene munasemphana maganizo ndi wokuyang'anirani pa nkhani ya ntchito. Munanena chiyani, mawu ake enieni, ndipo zinatha bwanji?" Lachiwiri: "Tatiuzani cholakwa chimene munachita n'kukadzinenera nokha anthu asanachitulukire." Wamatama funso lachiwirili limamusowetsa pokhala. Amayamba kuloza anzake, kapena amakupatsani cholakwa chodzikometsera ngati "ndimalimbikira ntchito mopitirira muyeso". Wodzidalira amatchula chimene chinaonongeka, kuchuluka kwake, ndi chimene anasintha pambuyo pake, osatuluka thukuta.

Kenaka onjezani ntchito yeniyeni ya mphindi 30. Wofuna ntchito ya ku stores mupatseni makadi a katundu 10, awiri mwa iwo osagwirizana ndi GRN, chikalata chosonyeza kuti katundu analandiridwa. Ikanimonso funso limodzi loti silingayankhike ndi mapepala amene mwamupatsawo. Amene anene kuti "apa pakusowa invoisi, sindingatseke" ndi amene mukumufunayo. Amene apeke nambala kuti asaoneke wosadziwa, adzapekanso ali pa ntchito.

A Kamanga:
Funso la cholakwalo lili ndi maziko. David Dunning ndi Justin Kruger a ku Cornell University mu 1999 anapatsa ophunzira mayeso a kaganizidwe, galamala ndi kuzindikira nthabwala, n'kuwafunsa kuti akudziika pati poyerekeza ndi anzawo. Amene anali kumunsi kwenikweni, cha pa 12 pa mlingo wa 100, ankadziika cha pa 62. Amene anakhoza kwambiri ankadzichepetsako, poganiza kuti zomwe zawaphwekera iwo zaphwekera aliyense. Luso loti ugwire ntchito bwino ndi lomwelonso loti uzindikire kuti walakwitsa, ndiye wopanda lusoyo saona n'komwe dzenje limene alimo. Akatswiri ena amati mbali ina ya zotsatirazi ndi masamu chabe, ndipo mtsutsowo ulipobe, koma kwa wa pa panelo sizisintha kanthu: kutsimikiza kwa munthu si umboni wa luso lake.

Nabanda:
Tichokeko pa intaviyu tilowe mkati mwa ntchito, chifukwa kumeneko nkhaniyi imapha anthu.

Pa 27 Malichi 1977, pa bwalo la ndege la Los Rodeos ku Tenerife, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana zili pansi m'chifunga. Anthu 583 anafa. Woyendetsa wamkulu wa KLM anali mphunzitsi wa oyendetsa ndege anzake pa kampaniyo, munthu wosakayikiridwa. Anayamba kuthamangitsa ndege asanapatsidwe chilolezo chonyamukira. Injiniya wa m'ndegemo anafunsa ngati ya Pan Am inali itapatuka kale, wamkulu n'kuyankha motsimikiza kuti inde, nkhani n'kuthera pomwepo. Kwa mmodzi kudzidalira kunasefukira, kwa winayo kunaperewera. Ngozi imeneyi ndi zina za zaka zomwezo ndi zimene zinachititsa makampani a ndege kuyamba kuphunzitsa wamng'ono kulankhula ndi wamkulu kumvera, ndipo azaumoyo anabwereka komweko.

Chimene anapeza n'chakuti wamng'ono sumuthandiza pomuuza kuti "limba mtima". Umamupatsa kalankhulidwe koti atsamire. Ku zipatala pali njira yotchedwa SBAR, ya magawo 4: chikuchitika n'chiyani, mbiri yake ndi yotani, ine ndikuona kuti ndi chiyani, ndikupempha chiyani. Tiyerekeze namwino akuimbira dokotala 2 koloko usiku:

"Dokotala, ndine namwino wa ku wodi ya amayi ochira. Mayi wa pa bedi 6 akutaya magazi kwambiri. Achira maola 2 apitawa, mwana wachisanu. BP yatsika kufika 85 pa 50, mtima ukugunda ka 120 pa mphindi, chiberekero sichinalimbe. Ndatikita chiberekero, ndaika dripu. Bwerani tsopano."

Masekondi 30 sanakwane. Yerekezani ndi uyu: "Pepani dokotala ndakudzutsani, kaya mwina mukapeza mpata mungadzangoona pang'ono mayi wina kuno." Dokotala wotopa amva kuti nkhaniyo ingadikire, agonanso. Namwino wachiwiriyu luso ali nalo, koma ulemu wabisa uthenga.

Ndipo ngati wamkulu sakumva, pali makwerero. Uyambe ndi "ndili ndi nkhawa ndi ichi". Akapitiriza, "sindikumasuka kuti tipitirire". Akapitirizabe, "apa pali moyo wa munthu, tiime kaye". Ukanena kawiri momveka osayankhidwa, umapita kwa wamkulu wotsatira, ndipo malamulo a pamalopo ayenera kunena poyera kuti kutero si mwano.

Bambo a Yamikani:
Mayi Nabanda, zimene mwanenazo n'zoona, koma ku chipatala magazi amaoneka, amakuikira umboni. Mu ofesi, wamng'ono akati "bwana apa ayi" palibe magazi. Chimene chimatsatira ndi dzina: wamwano, wodziwa kwambiri, akufuna mpando. Kenaka ku misonkhano saitanidwanso, maulendo a ku nyanja amamudutsa, mwina kalata yomusamutsa n'kutuluka. Tonsefe tinakula tikuuzidwa kuti wamkulu sayankhidwa. Anawa musawanamize kuti kulimba mtima kulibe mtengo wake.

Mphatso:
Mtengo ulipo bambo, sindikana. Koma mantha ambiri amakula chifukwa anthu sadziwa pamene lamulo laika malire. Employment Act ya 2000 imati munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zofunika pa kayendetsedwe ka kampani, ndipo ngati nkhani ndi ya luso kapena khalidwe, ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza kaye. Izi zili m'gawo 57. Gawo lomwelo limati kukadandaula kuti olemba ntchito aphwanya lamulo si chifukwa chochotsera munthu. Gawo 59, lonena za kuchotsa munthu nthawi yomweyo, limatchula kukana dala malamulo a bwana, koma malamulo ake ndi ovomerezeka okhaokha. Bwana akakulamula kuti usaine chabodza, kukana kwako si kusamvera kumene gawolo likunena. Nkhani ikafika ku Industrial Relations Court, udindo wosonyeza chifukwa chochotsera munthu ndi wa wolemba ntchito.

Chimene chimagwetsa anthu ndi kusowa pepala ndi kuchedwa. Amakangana pakamwa m'khonde, palibe mboni, palibe kalata, ndiye amakhala miyezi kunyumba akudikira kuti mwina abwana asintha maganizo m'malo mothamangira ku ofesi ya zantchito ya m'boma lawo. Koma ndivomereze mbali yanu: lamulo limakutetezani pa kuchotsedwa, silingakakamize munthu kukuitanani ku Salima.

Bambo a Yamikani:
Eya, pamenepo tagwirizana. Chida cha wamng'ono ndi pepala, ndipo pali kagwiritsidwe kake. Tinene kuti vocha yafika pa desiki ya wa akaunti, ya K18 miliyoni, yolipira katundu. LPO, chikalata choitanitsira katundu, ilipo, invoisi ilipo, koma GRN yosonyeza kuti katundu analandiridwa palibe, makotesheni atatu palibe, ndipo pamwamba pamatidwa kapepala kakuti "lipirani lero". Wopusa amakalowa kwa bwana n'kunena kuti "izi ndi zakuba". Watha ameneyo, chifukwa waneneza munthu popanda umboni. Wamantha amasaina. Wodziwa ntchito amalemba kamemo ka mizere 4: vocha nambala yakuti, ya ndalama zakuti, ikusowa zikalata izi ndi izi, ndikupempha zikalatazo kapena chilolezo cholemba kuti ndilipire zisanafike. Deti, saini, kope imodzi n'kusunga. Sanatukwane, sanakane, wangobweza mpira. Ngati nkhaniyo ndi yoyera, zikalata zifika mawa. Ngati ndi yakuda, kawirikawiri palibe amene amafuna kuika dzina lake pa chilolezo chotero, vocha imangosowa yokha.

Kumbukirani Cashgate mu 2013. Ndalama zinkatuluka ku Capital Hill kudzera mu IFMIS, makina a pa kompyuta oyendetsera ndalama za boma, kupita ku makampani amene sanapereke katundu aliyense, ndipo kafukufuku wa kampani yofufuza mabuku a ndalama ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinapita m'miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala. Cheke sichituluka ndi dzanja limodzi. Ndipo pakati pa amene anakalowa m'ndende panali ogwira ntchito ang'onoang'ono a akaunti. Saini yako ndi yako, "ndinatumidwa" sakupulumutsa.

Nangondo:
Ndionjezepo mbali ya amayi, chifukwa mawu omwewo akatuluka pakamwa pa bambo amatchedwa utsogoleri, akatuluka pakamwa pa mayi amatchedwa kukula mtima. Gender Equality Act ya 2013 inati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse ndipo asapitirire 60. Lamulolo limalowetsa mayi m'chipinda, koma silimupatsa mpata wolankhula. Chimene chimachitika pa misonkhano n'chodziwika: mayi anena mfundo, anthu n'kungoti zii, pakatha mphindi 5 bambo wina abwereza mfundo yomweyo, onse n'kugwedeza mitu. Mankhwala ake ndi a wapampando: "Imeneyo ndi mfundo imene anayamba mayi Phiri, mayi Phiri tapitirizani." Ngati wapampando sachita, anzake awiri agwirizane kuti wina akadulidwa mawu, winayo azimubwezera.

Ndiye nkhani ya maso. Mwana woleredwa bwino kwathu kuno sayang'anitsitsa wamkulu m'maso, amalandira chinthu ndi manja awiri, amatsitsa mawu. Panelo imene inaphunzira kuti wosayang'ana m'maso ndi wabodza kapena wamantha ikulanga munthu chifukwa cha mwambo wabwino. Kwa wofunsidwa, njira yapakati ilipo: yang'ana nkhope ya wofunsa pamene akufunsa, poganiza ukhoza kuyang'ana pa tebulo, koma chiganizo chomaliza cha yankho uchinene utadzutsa mutu. Anthu amakumbukira m'mene wathera.

Chinanso, mawu oyambira aja. "Pepani, mwina ndikulakwitsa, koma kaya..." Ukayamba choncho wauza kale anthu kuti asakumvere. Ulemu uike pa dzina ndi pa kamvekedwe ka mawu, mfundo uisiye yowongoka: "Zikomo wapampando. Bajeti ya mafuta yaperewera ndi K4 miliyoni. Ndikupempha tichotse maulendo awiri a mwezi wamawa."

Chikondi:
Zikomo akuluakulu, ndikuphunzira. Nanga zija amanena kuti usanalowe mu intaviyu ukaime kubafa mphindi 2 manja ali m'chiuno, chifuwa patsogolo, mahomoni amasintha? Komanso zoti mawu ndi 7 peresenti yokha ya uthenga, zina zonse ndi thupi?

A Kamanga:
Zonse ziwiri muzitenge mosamala achemwali. Za kuima manja m'chiuno zinachokera pa kafukufuku wa mu 2010 wa Dana Carney, Amy Cuddy ndi Andy Yap, wa anthu 42 okha. Ena atabwereza mu 2015 ndi anthu 200, kusintha kwa mahomoni sikunapezeke, ndipo mu 2016 Carney mwiniwake ananena poyera kuti sakukhulupiriranso zotsatirazo. Chimene chimatsala n'chakuti ena amangodzimva bwinoko. Ngati zikukuthandizani imani, sizilipiritsa, koma si mankhwala. Za 7 peresenti zinachokera kwa Albert Mehrabian mu 1967, ndipo iye ankayesa m'mene anthu amamvera liwu limodzi lokha likanenedwa ndi nkhope kapena kamvekedwe kotsutsana nalo. Sizikukhudza lipoti la bajeti.

Chimene chimagwira ndi chotopetsa. Lembani tsamba limodzi: chigamulo chimene mukufuna msonkhano upange, manambala 3 ochichirikiza, ndi funso lovuta kwambiri limene mungafunsidwe pamodzi ndi yankho lake. Chiganizo choyamba chokha muloweze pamtima, chifukwa mantha amakhala pa masekondi 20 oyamba. Nenani zonse mokweza katatu, kamodzi mukudzijambula pa foni, mudzimvere nokha pamene mukuthamanga. Musanalowe, kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 6, kasanu. Kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kumachepetsa kugunda kwa mtima. Mukafunsidwa chimene simukudziwa, yankho ndi "nambala imeneyo ndilibe pano, ndikutumizirani isanakwane 3 koloko", ndipo 3 koloko isanakwane itumizidwedi.

Muyambe pa gulu la anthu 4 a mu dipatimenti yanu, kenaka 10, kenaka mabwana. Wamanyazi amene mwamuponya pamaso pa bodi tsiku loyamba akagwa, gwero loyamba lija limagwira ntchito mobwerera, ndipo kumudzutsa kumatenga nthawi yaitali kuposa poyamba.

Che Jafali:
Tsopano ndinene zanzeru, nthabwala pambali. Pa zomangamanga wodzidalira wabodza amaoneka pa zinthu ziwiri, masiku ndi konkire.

Folomani wothira silabu amadziwa kuti konkire imafika pa mphamvu imene inawerengedwa pakatha masiku 28, ndipo pa tsiku la 7 imakhala itangofika cha pa magawo awiri mwa atatu. Imafunika kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7, makamaka m'dzuwa la Okutobala muno. Ndiye mwini nyumba ku Area 49 akuthamangitsa, akufuna mitengo yochirikiza ichoke pa tsiku la 4 kuti amisiri alowe pansi. Folomani wofuna kusangalatsa amati "musadandaule bwana, ine ndamanga zambiri". Amachotsa, silabu n'kunyentchera pakati, ming'alu n'kuyamba. Chimodzimodzi madzi: anyamata amakonda konkire yamadzimadzi chifukwa imayenda bwino pa wilibala, koma madzi akachuluka mphamvu imatsika. Folomani wolimba mtima ndi amene angauze mwini ndalama kuti "ayi, mitengo ikhala", n'kuuzanso anyamata ake kuti "ndowa imeneyo ibwerere". Mbali zonse ziwiri adana naye tsiku limenelo.

Za masiku, pafupifupi aliyense amalonjeza mopepuka, si akuba okha. Mankhwala ake ndi kope. Tengani ntchito 5 zomaliza, lembani masiku amene munalonjeza ndi amene zinatengadi. Ngati munati 30 zinatenga 45, munati 60 zinatenga 85, ndiye kuti mlingo wanu ndi pafupifupi 1.5. Ntchito yotsatira, chimene mtima ukukuuzani muchulukitse ndi 1.5, ndipo mupereke masiku awiri, loyambirira ndi lomalizira, osati limodzi. Muwerengeremo mvula ya Disembala mpaka Malichi ndi masiku osowa dizilo. Kotesheni nayo ikhale ndi malire a masiku. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene analemba mitengo yopanda malire anagwira ntchito yolipira okha.

Thokozani:
Che Jafali akafuna amatha. Koma taonani, mpaka pano takhala tikukonza wamng'ono, pomwe gwero la mantha ambiri ndi bwana wosadzidalira. Zizindikiro zake sizibisika. Chilichonse chimadikira saini yake, ngakhale kugula shuga wa tiyi. Akapita ku tchuthi ofesi imaima, kapena sapita n'komwe. Wamng'ono wanzeru amamuona ngati mdani. Amakalipira munthu pagulu, chifukwa akufuna ena aone. Lipoti labwino amapita nalo yekha kwa akuluakulu, loipa amatuma mwini wake. Anthu amati ndi wolimba, pomwe ndi mantha ovala tayi.

Kugawa ntchito nako kuli ndi makwerero, sikungoti "tenga, uchite". Sabata ziwiri zoyamba wamng'ono aonerere. Zotsatira achite inu mulipo. Kenaka achite yekha koma akuuzeni asanatumize. Pomaliza achite, atumize, akuuzeni Lachisanu. Muike malire omveka ndi manambala: zogula zosapitirira K200,000 gamula wekha, zoposa apo tionane. Amalakwitsa ambiri ndi pa cholakwa choyamba. Wamng'ono akangophonya, bwana amalanda ntchito yonse n'kubwerera pa sitepe yoyamba, ndiye wamng'onoyo amaphunzira kuti njira yotetezeka ndi kufunsa chilichonse. Mubwerere sitepe imodzi yokha, kwa sabata ziwiri.

Podzudzula, tchulani nthawi, chochita ndi zotsatira zake, muli awiri: "Lachiwiri pa msonkhano wa makasitomala munapereka mtengo wakale, kasitomala wasaina pa mtengo umenewo, tataya K350,000." Zimenezo munthu angakonze. "Ndinu wosasamala" sangakonze, angangodana nanu.

Nabanda:
Pamenepo pakugwirizana ndi zimene Amy Edmondson wa ku Harvard anapeza m'zipatala za ku America. Ankayembekeza kuti magulu a anamwino otsogoleredwa bwino adzakhala ndi zolakwa zochepa pa kaperekedwe ka mankhwala. Manambala anaonetsa zosiyana: magulu abwinowo ndi amene anali ndi zolakwa zambiri zolembedwa. Atafufuza anaona kuti kusiyana kunali pa kunena. Kumene bwana ndi woopsa anthu amakwirira. Ndiye mtsogoleri amene akunyadira kuti kwake kulibe malipoti a zolakwa adzifunse kawiri.

Bambo a Yamikani:
Ndipo musaganize kuti zonsezi n'zochokera kunja. Pa bwalo la milandu kumudzi, mfumu imayamba ndiyo kulankhula? Ayi. Alankhula wodandaula, alankhula woyankha, mboni, nduna zifunsa mafunso, anthu aponyapo, mfumu ili chete. Imagamula pomaliza itamva zonse. Ndi mu ofesi mokha m'mene wapampando amatsegula ndi "ine maganizo anga ndi awa, kaya inu mukuti bwanji". Akatero wafunsa ndani? Msonkhano watha pomwepo, otsalawo akungodikira samusa.

Wapampando ayambe ndi wamng'ono kwambiri m'chipindamo, akwere, iye amalize. Pa nkhani yaikulu, apereke mphindi 2 aliyense alembe maganizo ake pa pepala asanamve a mnzake. Ndipo alole Chichewa. Dalaivala amadziwa chifukwa chake galimoto ikumwa mafuta, mlonda amadziwa geti imene katundu amatulukira, koma msonkhano ukakhala wa Chizungu chokhachokha amangoti "yes bwana".

Kwa wamng'ono, mwambo womwewo uli ndi khomo lake. Wamkulu sumutsutsa pagulu ngati mpata wokumana naye payekha unalipo. Umapita msonkhano usanayambe: "Bwana, ndaona kanthu pa tsamba 3, ndati ndikutsineni khutu tisanalowe." Wakutsina khutu ndi mnansi. Bwana akakonza yekha n'kukalankhula ngati anaona yekha, musiyeni, ulendo wina adzayamba kukufunsani. Pagulu mumasungira zinthu zimene sizingadikire, monga za mayi wa pa bedi 6 uja.

Mphatso:
Pokhapo pakufunika kusamala bambo. Kutsina khutu n'kwabwino pa cholakwa cha manambala. Pa nkhani ya ndalama zokayikitsa kapena bwana wofuna chibwenzi mokakamiza, kukumana awiri popanda cholemba ndi kumene kumamuika wamng'ono m'mavuto. Zimenezo zimafuna deti, nthawi, mawu amene ananenedwa, mauthenga a pa foni osafufuta, ndi kukanena kumene ndondomeko ya pa ntchitopo yatchula. Gender Equality Act yomwe ija inaletsa nkhanza zotere pa ntchito, ndipo za ziphuphu khomo lake ndi Anti-Corruption Bureau.

A Kamanga:
Chida china cha wapampando, chochokera kwa katswiri wa za maganizo Gary Klein. Pulani ikatha koma isanayambe, auze gulu kuti: "Tiyerekeze kuti chaka chatha ndipo ntchitoyi yalephereratu. Aliyense alembe zifukwa zake." Mphindi 10. Chifukwa bwana mwini wapempha zifukwa za kulephera, wozitchula sakuonekanso wotsutsa, ndipo amene anali chete amatulutsa zimene amadziwa: kuti wopereka katundu uja sasunga nthawi, kuti mlatho wa ku dera lija umadzadza mvula ikagwa.

Nachisale:
Mwandithandiza. Ndiye mzere uja ndikuganiza zougawa patatu, mamakisi 5 paliponse: amanena mfundo yake momveka ndi umboni; amavomera chimene sakudziwa n'kunena m'mene angachipezere; anatsutsapo wamkulu kapena kudzinenera cholakwa, ndipo wapereka chitsanzo chenicheni. Za maso ndi kavalidwe ndichotsemo. A Thokozani, pali chimene ndasiya?

Thokozani:
Zili bwino mayi. Onjezani zitatu. Pansi pa mzere uliwonse musiye malo oti wa pa panelo alembe mawu amene wofunsidwa ananena, chifukwa makisi opanda mawu sangatetezedwe wina akadandaula. Ndipo mulembe pamwamba pa fomu kuti wofunsidwa akhoza kuyankha m'Chichewa pa maudindo amene Chizungu si mbali ya ntchito yake. Kwa amene angomaliza kumene sukulu, pa mzere wachitatu uja mulole chitsanzo cha ku koleji, ku mpingo kapena ku banki m'khonde, apo ayi onse atenga 0 chifukwa sanakhalepo ndi bwana.

Che Jafali:
Ndipo ntchito ya mphindi 30 ija ichitike intaviyu isanayambe, osati itatha, mapepala ake achongedwe ndi munthu amene sanaone nkhope, pakhale nambala m'malo mwa dzina. Mukachonga mutamva kale Chizungu chija, GRN yosowa ija mudzamukhululukira.